Kukagulira Amjomba Makutu ku Mangochi

Aliyense amene anakwerapo lole ya ku Makanjira amadziwa kuti nthawi yonyamukira ili m'mimba mwa dalaivala. Akakhuta, mwanyamuka. Ife tinafika pa Mpilipili dzuwa lisanayambe ukali, ine ndi amjomba anga Che Twaibu, alongo awo a malemu mayi anga, ndipo tinapeza lole itadzaza kale madengu a usipa mpaka pakati. Dalaivala anali asanamwe tiyi. Tinakhala pakhonde la golosale n'kumadikira.

Chimene chinatiyendetsa ndi ichi. Mlongo wanga Yusufu ali ku Joni, ndipo anapeza mbeta komweko, mwana wa anthu a ku Machinga. Kwathu kuno ukwati sumangidwa mjomba asanayankhule. Akuchikazi anali atanena kuti Lachisanu likubweralo, anthu akatuluka mumzikiti, adzaimba foni kuti ankhoswe a mbali ziwiri amvane. Ndiye vuto linali makutu a amjomba. Yusufu akaimba, iwo ankagwira foni n'kumangoti "Eya, eya, Alhamdulillah," ngakhale tsiku limene ankawauza kuti waberedwa njinga. Akuluakulu a pabanja anayamba kunong'onezana kuti bola mng'ono wawo, Che Imedi, ndiye adzayankhule.

Zimenezo zinandiwawa kwambiri. Bambo athu atamwalira, amene analera Yusufu ndi amjombawa, kumuphunzitsa kusoka ukonde, kumulondola kumadrasa ndi kachikwapu. Kuwachotsa pa unkhoswe wa mwana ameneyo kunali kuwauza kuti atha ntchito. Yusufu nayenso sanafune. Anatumiza kangachepe nati, "Achemwali, kaguleni chinthu chimodzi chowathandiza kumva, Lachisanu lisanafike."

Ine maganizo anga anali pa tabuleti yaing'ono, chifukwa foni yanga galasi linasweka ndipo nkhope ya munthu imaoneka ngati nyemba. Nditawauza amjomba, anandiyang'ana mokwiya.

"Matabuleti a chiyani? Ndikudwala ine?"

"Osati akumwa, amjomba! Foni yaikulu ija, yokhala ngati buku!"

"Makutu anga ali bwinobwino, iwe Hawa. Mafoni anuwa ndi amene amanong'ona. Ine ndikufuna timiyala tija anyamata amatseka nato m'makutu n'kumayankhula okha mumsewu ngati amisala."

Ankanena mahediseti opanda chingwe aja. Ndinati ndipita ndekha ku boma ndikasankhe, iwo anakana. "Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero, akuvala mkanjo wawo woyera wa pa Idi kuti akakwere nawo lole ya nsomba. Ndinangogwira pakamwa.

Tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Kondakitala anatilipiritsa mtengo wa munthu wokhala pampando, chonsecho mpando wake unali thumba la chinangwa. Amjomba, poti ndi achikulire, anawapatsa tayala la sipeya, atatsamira chitsulo cha kumutu kwa lole. Ine ndinadzipanikiza pambali pawo. Moyang'anana nawo munakhala mayi wina wonenepa, wogula usipa kukagulitsa ku Limbe, amene aliyense ankamutcha Abiti Ali. Pafupi ndi iye panali aphunzitsi a ku Dedza, a Mbewe, amene boma linawaponya kwathu kuno, atakumbatira chikwama chawo pachifuwa ngati muli khanda.

Tisanapite patali Abiti Ali anayamba kukalipa yekha, manja ali m'dengu. "Ndati madengu anayi, osati atatu! Mukandidikire pa siteji!" Amjomba anandigwedeza ndi chigongono. M'khutu la mayiyo, pansi pa mpango, munali kamwala koyera kaja.

"Amayi, timeneto mumamvera bwino?" anafunsa amjomba mokuwa, ngati mayiyo ali kutsidya la nyanja.

Mwafunsa mwini wake! Abiti Ali anatambasula nkhani. Anati iye manja ake amakhala mu nsomba tsiku lonse, ndiye foni amaimangirira m'chitenje, akuba a mumsika osaiona, koma makasitomala akuyankhula nawo. Anati n'totchipa, ukataya sulira maliro. Tikatha moto umatibwezera m'kabokosi kake, kabokosiko n'kutidyetsa.

"Koma n'tokomera munthu mmodzi," analowererapo a Mbewe. "Ndipo tambiri ta mumsika n'tabodza, mwezi umodzi kena kafa, mwatsala ndi khutu limodzi. Ine tabuleti yangayi ndimawerengerapo, ndimakonzerapo maphunziro, ana anga a ku Dedza ndimawaona nkhope. Kalasi yonse imaunjikana kuonera."

"Ikagwa pansi?" anatero Abiti Ali.

"Siigwa."

"Pamsewu uno? Aphunzitsi, musayese Mulungu. Nanga kutchaja? Chimenecho chimadya moto ngati ng'ombe, sola yaing'ono imachita kulira nacho. Ndiye ndiyende nacho bwanji mumsika, ndichisenze pamutu?"

Lole yonse inagawikana. Ena anati tabuleti ndi ya anthu okhala pansi, ena anati timiyalato timagonthetsa ana, ukamutuma mwana amangokuyang'ana ngati mbuzi. Bambo wina anati mphwake anagundidwa ndi kabaza chifukwa cha tomweto, belu osalimva. Chimene chinandikwiyitsa ine n'choti amjomba ankamuyankha Abiti Ali molondola, injini ikubangula choncho, koma ine ndikawakuwira pakhutu penipeni ankangoti "Ee?" Mumtima ndinati, nkhalamba iyi imamva zimene yafuna.

Msewu wa kwathu sindiufotokoza, owudziwa akuudziwa. Mvula yoyamba inali itagwa masiku apitawo, ndiye pena fumbi, pena matope. Titadutsa Lugola tinafika pa kamtsinje kena kamene mlatho wake wa matabwa unali utatsegula mano. Dalaivala anati tonse titsike, iye adutsira m'munsi, pamchenga. Analowa mwamphamvu, lole inalira, inagwedezeka, kenako matayala akumbuyo anangodzikumbira manda. Zii.

"Walira mvula walira matope," anatero kondakitala, akuvula malaya.

Amuna anayamba kutsitsa madengu, kudula nthambi, kukumba ndi manja. Ife tinakakhala pansi pa mtengo wa mango. Tinadikira mpaka mithunzi inalowa pansi pa mapazi. Amayi a m'mudzi wapafupi anamva kuti kwagwa msika, anabwera ndi chinangwa chophika ndi madzi a m'zigubu. Abiti Ali ankangoyang'ana usipa wake uli padzuwa n'kumatukwana dalaivala chapansipansi. Ine nkhawa yanga inali masitolo a ku boma, kuti tikapeza atatseka, ndiye kugona komweko, ndiye tsiku lina lapita.

Pofuna kuiwala mavuto ake, Abiti Ali anachotsa timiyala take, anatipukuta ndi nsonga ya mpango nati, "Che Twaibu, tayesani, musakagule mphaka m'thumba." Anawaika m'makutu onse awiri n'kutsegula nyimbo ya sikiri, gule wathu wachisilamu uja, mawu mpaka kumapeto. Abale inu! Nkhope ya amjomba inawala. Anayamba kugwedeza mutu, chala chikumenya bondo motsatira ng'oma.

"Izi ndiye zinthu! Hawa, tagula kale!"

Ine ndinakondwa, ndinati mwina nkhalambayi imanena zoona. Kenako mayiyo anawaikira uthenga wa mawu umene kasitomala wake anamutumizira m'mawa. Amjomba anamvetsera, nsidze zitakumana.

"Akuti chiyani?" anafunsa Abiti Ali.

"Akupereka moni," anatero amjomba.

Ine ndinali nditaumva kale uthengawo, mayiyo atautsegula pa sipika m'lole muja. Munalibe moni, munthuyo ankadandaula kuti usipa wa ulendo watha unali ndi mchenga. Abiti Ali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Phokoso linkalowa ndithu, kukhutu lakumanja, koma mawu ankafika ataphikana ngati phala.

Nthawi ya swala ya masana itakwana, amuna achisilamu anatsikira kumadzi kukachita udhu, kusamba kuja kwa tisanapemphere. Amjomba anapita nawo, timiyala tili m'makutu, ataiwala. Anasamba m'manja, m'kamwa, kumaso, m'mikono, anapaka madzi kumutu, kenako monga achitira moyo wawo wonse, analowetsa zala m'makutu n'kupotokola. Kamodzi anakagwira. Kachiwiriko kanapita.

"Mayo ine!" anakuwa Abiti Ali. "Ofesi yanga!"

Ntchito yokankha lole inaima. Anthu akuluakulu, ndevu zawo, anagwada m'madzi kumasefa mchenga ndi zala. A Mbewe anapinda buluku n'kulowa nawo, chikwama chili pamutu. Wina anatola kachigoba ka nkhono n'kukuwa kuti wapeza. Amjomba anaima pakati pa mtsinje, mkanjo wa pa Idi utanyowa mpaka m'mawondo, manyazi atawagwira moti ndinawamvera chisoni. Atakweza mkono kuti apepese, kanthu kanagwa kuchokera m'khwinya la mkono wa mkanjo umene anapinda posamba paja, kondakitala n'kukawakha kasanafike m'madzi. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Abiti Ali anakapsompsona, n'kukabwezera m'kabokosi, kabokosiko m'chitenje, mfundo ziwiri.

"Kasanu pa tsiku, Che Twaibu," anatero akupukuta misozi ya kuseka. "Kasanu pa tsiku muzidzasaka m'madzi. Nyanja ya Makanjira idzakhuta timeneti."

Amjomba anafinya mkanjo wawo. Anakaswali, atabwerako anakhala pafupi nane n'kunena motsitsa, kutanthauza kuti theka la anthu linamva. "Hawa, ndikavala timeneti, Yusufu akamayankhula, iwe umva?"

Ndinapukusa mutu.

"Nanga mboni? Nkhani ya ukwati ilowe m'khutu la munthu mmodzi ngati miseche?" Anayang'ana kumadzi kuja. "Komabe ng'oma ndinaimva."

Lole inatuluka itathandizidwa ndi anyamata a m'mudzimo, amene anayamba akambirana kaye za mtengo wa thukuta lawo. Tinakweranso, aliyense pamalo pake. Kutsogoloko msewu unali wouma, fumbi linkalowa ngati utsi, ndiye Abiti Ali anadziphimba pakamwa ndi mpango. Anapitiriza kucheza ndi amjomba, kuwafunsa za mitengo ya maukonde. Amjomba anangoti "Ee? Ee?" Mayiyo anatsitsa mpango kuti alavule fumbi, n'kubwereza funso lomwelo, amjomba anayankha bwinobwino. Anaphimbanso, "Ee?" yabwerera.

Pamenepo ndinazindikira. Zaka zonsezi ine ndimawakuwira m'khutu, nditaima pambali, kumene sangandione. Munthuyu ankamvera pakamwa.

Ndinangowapempha a Mbewe kuti atulutse tabuleti yawo amjomba aione. Anaitulutsa monyinyirika, ataigwira ndi manja awiri. Inali yaing'ono, yosaposa chikhatho ndi theka, koma nkhope inkadzaza galasi lonse. Anatsegula vidiyo ya mwana wawo wamkazi imene mayi ake anawatumizira. Amjomba anaisendeza pafupi, maso ali pa kamwa la mwanayo, n'kuseka.

"Akuti, adadi mubwere ndi nsomba, musabwere ndi mabuku okhaokha! Mwana wochenjera uyu. Mwaona? Ichi chikuyankhula momveka, osati mafoni anu aja."

A Mbewe anayang'ana tabuleti, anayang'ana amjomba. Ndinawatsinzinira diso kuti akhale chete, koma aphunzitsi ndi aphunzitsi, chinthu cholakwika sachisiya chidutse.

"Bambo, mawutu ndinatseka. Sichikutulutsa phokoso lililonse."

Ananena atawayang'ana, ndiye amjomba anamva zonse. Anabweza tabuleti ija mwaulemu, anakonza chisoti chawo, n'kutembenukira kunyanja. Pa Namalaka tinadutsa maso awo ali komweko. Pa Lungwena netiweki inabwera, mafoni a lole yonse analira nthawi imodzi ngati achule, iwo osatembenuka. Pa Malindi ndinawagulira nthochi, anangozigwira m'manja. Ndinachita mantha kuti tikafika ku boma anena kuti tibwerere, Imedi ayankhule. Amjomba ndimawadziwa, akachita manyazi amasiya chinthu ngakhale akuchifuna.

Tinawoloka mlatho wa pa Shire dzuwa litapendeka. Abiti Ali anatilozera sitolo ya zamafoni imene amagulako, n'kuthamangira madengu ake. A Mbewe anagwira dzanja la amjomba ndi manja awiri, kupepesa osatchula chimene akupepesa. Tinayenda mwachangu, ine kutsogolo, amjomba kumbuyo, mkanjo uli ndi mzere wa matope.

Mwini sitolo anali akulowetsa kale katundu wa pakhonde. Ndinamufotokozera zonse, iye n'kuika zinthu ziwiri pa kauntala: kabokosi ka mahediseti, ndi tabuleti yaing'ono yogwiritsidwapo kale ntchito, yolowa simu. Anati pa mtengo wa tabuletiyo tikhoza kugula timabokosi todzaza thumba n'kutsala ndi ya thiransipoti. Anatinso tabuleti imafuna bandulo yambiri, ndipo tiigulire chikopa chake isasweke. Koma anali munthu woona, anawonjeza kuti, "Chemwali, zonse ziwirizi si mankhwala a makutu. Tothandiza kumva tenitenito amayeza kuchipatala. Mudzawatengere kumeneko."

Amjomba anatola kabokosi kaja, anakatsegula, anakatseka. Anakagwira nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akukafuna. Munthu wovala timiyala amaoneka ngati mnyamata wotsogola, palibe amene angamuganizire za ugonthi. Ndinapempha mwini sitolo kuti tiyese tabuletiyo ndi simu yanga. Anavomera. Inatenga nthawi kuti zonse zilowe, iye akuyang'ana chitseko, ine ndikupemphera kuti Yusufu akhale pa netiweki.

Inalira kawiri, kenako nkhope ya mlongo wanga inadzaza galasi. Ananenepa, ndevu zamera mpaka m'masaya.

"Salaam aleikum, amjomba!"

"Waleikum salaam," anayankha amjomba nthawi yomweyo. Anasiya kabokosi kaja pa kauntala osakayang'ana. "Ndevu zimenezo wabwereka kwa ndani?"

Anacheza, abale. Funso, yankho, funso, yankho, osati za "eya, eya" zija. Pena ankaphonya, Yusufu akatembenuka kapena netiweki ikadukiza, koma ankabwereranso munjira. Yusufu atatchula za njinga yobedwa ija, amjomba anafunsa za iyo ngati yabedwa dzulo, n'kumukalipira chifukwa chosawauza. Yusufu anangoseka, maso atafiira. Kenako anati mtsikana wake uja ali pafupi, amagulitsa zakudya ndi azakhali ake khomo loyandikana ndi pamene iye amagwira ntchito. Amuitane adzapereke moni?

"Muitane."

Anabwera, azakhali ake ataima kumbuyo. Mwana woleredwa bwino, mpango mpaka pamphumi. Ataona kuti pagalasi pali mjomba wa mwamuna, anachita zimene mtsikana aliyense wa kwathu angachite pamaso pa apongozi: anagwada, n'kuweramitsa nkhope. Pagalasi panatsala mpango wokha. Ife tinamva kamawu kakupereka moni ndi kutchula dzina, koma amjomba sanaone kanthu.

Ndinaona pakamwa pawo pakukonzeka kunena "Eya, eya, Alhamdulillah," ndipo ndinada nkhawa, chifukwa azakhali aja anali kumvetsera, ndipo zikanakafika kwa akuchikazi kuti nkhoswe wa Yusufu amangovomera zilizonse. Amjomba anayang'ana mwini sitolo, anayang'ana anthu awiri amene analowa kudzagula mayunitsi, anandiyang'ana ine.

"Mwanangu," anatero ndi mawu awo aakulu aja, "dzutsa nkhope. Si chipongwe, ndakupempha ndine. Ine makutu anapita kalekale. Ndimamvera pakamwa. Ukawerama, wanditsekera chitseko."

Chibadwire sindinawamvepo akuvomera zimenezo, ngakhale kwa malemu mayi. Misozi inangotsika, sindinaibise.

Mtsikanayo anazengereza, azakhali ake anamugwira paphewa. Anadzutsa nkhope pang'onopang'ono, wamanyazi, wokongola, n'kunena dzina lake atawayang'ana.

"Bwereza," anatero amjomba.

Ine mwachizolowezi ndinasendera kukhutu kwawo kuti ndikuwe, iwo anandikankha ndi dzanja osachotsa maso pagalasi.

"Ndamva kale, iwe. Patuma. Ndimangofuna ndimvenso."

Patuma anaseka, n'kubisa pakamwa ndi dzanja, kenako anakumbuka, n'kulichotsa msanga. Azakhali ake nawo anasendera pafupi, anapereka moni atayang'ana kutsogolo ngati akujambulitsa chiphaso. Amjomba anawauza kuti Lachisanu akuluakulu akumeneko adzakhale powala, aziyankhula mmodzimmodzi, ndipo wa ndevu zambiri azipesere kumbali. Mayiwo anati zimenezo n'zosavuta, akawauza.

Foni itaduka, mwini sitolo anafunsa ngati atikulungire tabuletiyo. Amjomba sanamuone, ndiye ndinazungulira n'kukaima patsogolo pawo, n'kuwafunsa ndi mawu wamba, osakuwa.

"Lipira, Hawa, ndi chikopa chake chomwe," anatero. "Ndipo tikafika ukamuuze Imedi kuti Lachisanu abwere ndi mpando wake. Adzakhale pambali panga, azidzamvera mkulu wake akuyankhula."